Mukufuna GT ya kaunjika? Tiyeni tiwerengere limodzi musanatulutse ndalama

Pali galimoto ina yake yoti ukangoiona itaima pomwetsera mafuta khosi limatembenuka lokha, mphuno yaitali, zitseko ziwiri zokha, yotsika ngati yagona chafufumimba, mkati chikopa chokhachokha. Imeneyo ndiye GT, mawu ake ndi a ku Italy, gran turismo, kunena ulendo wautali wapamwamba. Anthu ambiri amaisokoneza ndi ya mpikisano koma ayi ndithu, ya mpikisano imakuswa msana komanso phokoso mpaka makutu kulira, pomwe GT anaipangira zoti inu ndi mayi akunyumba muponye zikwama ziwiri mu buti, mudye makilomita 800 tsiku limodzi, mukafika mutsike ngati mwachokera pa sofa. Ambiri amati inayambitsa mtunduwu ndi Lancia Aurelia B20 GT ya 1951, kenako kunabwera ma Ferrari 250 GT, Aston Martin DB5 ya 1963, mpaka pano kuli ma Bentley Continental GT, Aston Martin DB12, Ferrari Roma, Maserati GranTurismo, Lexus LC500 ndi ena otero.

Za yatsopano sindikambapo, munthu wogula yatsopano ali ndi anthu omuwerengera, sakhala pa foni kuwerenga zangazi. Ife tikambe za yoti ena anayendapo kale, chifukwa ndi pamene pali msampha wake.

Msamphawo ndi uwu. Bentley Continental GT inatuluka mu 2003, amaipangira ku Crewe ku England, kampani yake ili m'manja mwa Volkswagen kuyambira 1998, ndipo ili yatsopano inkadutsa mapaundi 100,000. Lero ya 2004 kapena 2005 ku UK mutha kuipeza motchipa kuposa Corolla yatsopano, zoona izi, osaseka. Ndiye munthu umaona mtengowo n'kumati aaa koma Mulungu wandikumbuka. Chomwe waiwala n'choti watsika ndi mtengo wa galimoto basi, koma mabuleki, matayala, mashoko, kompyuta zake ndi maola a makaniko zonsezo zikadali pa mtengo wa galimoto ya mapaundi 100,000 ija. Injini yake ndi W12 ya malita 6 yokhala ndi ma turbo awiri, anaipanikiza mu boneti mwakuti dzanja sililowa, moti pali timapaipi tina ta vacuum kumbuyo kwa injini toti pakokha si ta ndalama zambiri koma kuti akatifikire nthawi zambiri amachita kutsitsa injini yonse. Kapaipi ka mtengo wa nkhuku, ntchito yake mtengo wa ng'ombe. Ndiye lamulo langa n'loti ngati ndalama yonse yomwe muli nayo ikuthera pogula, galimotoyo si yanu, siyani. Pazikhala ina pambali yongodikira tsiku loyamba lomwe nyali yachikasu iyake pa dashibodi, ndipo idzayaka basi.

Musanasankhe dzina la galimoto yambani mwadzifunsa kuti muziyenda nayo kuti. Amene muli ku Joni muli ndi mwayi, N1 yochoka Johannesburg kukafika Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,400 a msewu womwe GT anaibadwira, ndipo ogulitsa Bentley ndi Aston Martin enieni ali komweko. A ku UK nanunso zanu zili bwino, amakaniko odziwa mtundu umodzi wokha wa galimoto ali mbwee. Koma ngati mukufuna muzikayenda nayo kumudzi kuno ndiye tikhale pansi. M1 yathu mukuidziwa, mahampu pa ma trading centre, maenje nthawi ya dzinja, m'mbali mwa tala modyeka, mbuzi, akabaza, ndiye galimoto yake yotsika komanso matayala ake opyapyala a mainchi 20 kapena 21 oti akangomenya dzenje limodzi mwamphamvu tayala latupa chithuza kapena rimu yapindika. Ndipo zambiri sizibwera ndi tayala la sipeya, amangokupatsani kapampu ndi kabotolo ka guluu, kaya mukathera pati pakati pa Ntcheu ndi Balaka usiku. Apa Bentley ili ndi kaubwino kake, imayenda pa mashoko a mpweya ndipo pali batani loikweza pang'ono pofika pa hampu, komanso imakoka ndi matayala onse anayi. Koma mashoko omwewo akakalamba amatulutsa mpweya, mumadzuka mmawa n'kupeza galimoto yagwada mbali imodzi ngati ikupepesa.

Mafuta nawonso. W12 ija pa pepala imamwa malita ngati 17 pa makilomita 100, mu tauni imadutsa 20 osachita manyazi, galimoto yake yolemera kupitirira matani awiri. Lilongwe mpaka Blantyre ndi makilomita 300 ndi kanthu, ndiye werengerani malita ngati 50 ulendo umodzi, thanki yake ya malita 90 siikubwezani kunyumba. Tsono ganizirani nthawi ija mafuta akasowa, inu muli pa mzere ndi Bentley kuyambira mbandakucha, anyamata a zigubu akukujambulani. Komanso ma injini amenewa amafuna petulo wabwino, wa 95 kapena kuposa, ndipo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, yemwe galimoto ikakhalitsa osayenda amakoka chinyezi mu thanki, ndiye si galimoto yoimika miyezi isanu kudikira ukwati wa m'bale wanu.

Funso lachiwiri, lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa onse, ndani azikonza? Pezani makaniko kaye, galimoto pambuyo. Mufunseni ngati ali ndi kompyuta yowerenga mtundu umenewo, ngati anatsegulapo injini yotere, komanso masipeya aziitanitsa kuti ndipo amatenga masabata angati. Akangoti "musadandaule bwana, galimoto ndi galimoto, tiona", thawani. Munthu wozolowera Sienta ndi Vitz sindikumunyoza, amatithandiza tsiku ndi tsiku, koma asaphunzirire pa V12 yanu.

Tsopano mitundu yake. Ndinena mmene ndimaonera ine, ena mutsutsa, palibe vuto.

Ngati mukufuna mtendere wa mumtima, Lexus LC500. Inatuluka mu 2017, injini V8 ya malita 5 yopanda turbo, magiya 10, kulira kwake kokoma kwambiri, ndipo pansi pa zonsezo ndi Toyota. Vuto lake buti ndi yaing'ono, mipando yakumbuyo ndi ya zikwama osati anthu, ndipo mtengo wake sunagwe kwenikweni chifukwa aliyense akudziwa kuti siivuta. Ya ndalama zochepa yomwe ndimaikonda ndi Jaguar XK ya kuyambira 2006 mpaka 2014, bodi yake ndi ya aluminiyamu ndiye dzimbiri si nkhani yaikulu ngati pa XK8 yakale ija ya 1996, ndipo injini ya 4.2 imadziwika kuti ndi yopirira. Koma dziwani kuti aluminiyamu akaphwanyika si aliyense wowotcherera angamuwongole. XK8 zoyambirira za injini ya 4.0 zinali ndi vuto la ma tensioner a tcheni a pulasitiki, ngati sanasinthidwe musayerekeze.

Maserati GranTurismo ya 2007 kupita mtsogolo, eee, imeneyo ndi ya mtima. Injini yake V8 ya 4.2 kapena 4.7 ankaipanga a Ferrari, ndipo mwa zonsezi ndi imene kumbuyo kungakhale anthu akuluakulu awiri osapinda mawondo mpaka pachibwano. Sankhani ya giya bokosi ya otomatiki wamba ya ZF, chifukwa ija amati MC Shift ili ndi kilatchi yomwe imadyeka msanga mu jamu ya mu tauni. Poiliza mmawa mvetserani ngati ikuchita kaphokoso ka gwedegwede masekondi oyamba, amenewo ndi ma variator, tizida ta mkati mwa injini, ndalama. Aston Martin DB9, ya 2004 mpaka 2016, V12, kukongola kwake palibe mnzake, koma ndi yotsika zedi ndipo masipeya ake mulibe m'mashopu athu a masipeya, musavutike kukafunsa. Mercedes SL ndi CL za zaka za m'ma 2000 zimaoneka zotchipa ndipo amakaniko a Benz kuno alipo, koma zambiri zili ndi mashoko a hayidiroliki otchedwa ABC, pampu yake kapena mapaipi zikayamba kudontha mudzalira, ndipo pa SL onani ngati mu buti simulowa madzi chifukwa muli zamagetsi zomwe zimaonongeka zikanyowa. Pa Bentley penipeni, ngati thumba likulola, dumphani zoyambirirazo mutenge ya V8 ya malita 4 yomwe inayamba mu 2012, imamwa pang'ono ndipo kutsogolo ndi kopepukirako. Ferrari ndaisiya dala.

Mwapeza yomwe mwaikonda? Apa ndiye dekhani. Musayang'ane kwambiri makilomita, yang'anani mapepala a sevisi. GT yoti yayenda makilomita 120,000 koma chaka chilichonse imalowa mu galaja ndipo malisiti alipo ndi yabwino kuposa ya 40,000 yomwe yakhala zaka zitatu itafunditsidwa lona, chifukwa galimoto zimenezi kukhala kumazidwalitsa, malabala amauma, mabuleki amagwirana, batire limafa n'kusokoneza makompyuta onse. Ku UK mbiri ya MOT, kuyeza galimoto kwa chaka ndi chaka, mumaiona ulere pa intaneti pongolemba nambala ya galimoto, muona makilomita a chaka ndi chaka komanso zomwe oyeza ankadandaula nazo. Lipirani kandalama kochepa ka HPI, kufufuza mbiri ya galimoto, kuti mudziwe ngati ili ndi ngongole kapena inachitapo ngozi mpaka a inshuwalansi kuilemba Cat S kapena Cat N. Za ku Japan funsani auction sheet yeniyeni, pepala la oyeza galimoto ku okushoni, giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, mukaona R dziwani kuti inakonzedwapo pambuyo pa ngozi. Chinanso cha ku Japan chomwe ambiri sadziwa, magalimoto apamwamba a ku Ulaya ambiri kumeneko ndi a chiwongolero cha kumanzere chifukwa eni ake ankaona ngati ndiye ulemerero, ndiye onetsetsani pa zithunzi, ife timayenda kumanzere kwa msewu ndipo kupitirira thiraki pa M1 uli mbali yolakwika mu galimoto yotsika chonchija ndi kuika moyo pa chiswe.

Mukapita kukaiona nenani kuti asailize inu musanafike, ndipo mukafika gwirani boneti. Ine zinandionekera pa galimoto yanga yoyamba ya mtunduwu, ndinapeza bambo wogulitsayo ataitenthetsa kale, akuti amafuna ndisazizidwe, ine n'kumathokoza eti. Mmawa wotsatira kunyumba kuiliza, utsi wabuluu bwalo lonse, aneba mpaka kutuluka. Ndiye injini izikhala yozizira, imvereni, onani utsi, suzumirani pansi ngati pali madontho, dinani batani lililonse mpaka la mpando ndi la magalasi, ngati ndi yotsegula denga litsegulidwe ndi kutsekedwa kawiri. Onani chaka cha matayala pa manambala anayi aja a m'mbali, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza chaka, komanso ngati onse anayi ndi a kampani imodzi yodziwika, munthu amene anaika matayala otchipa osiyanasiyana pa Bentley ndiye kuti oyilonso ankachita naye chimodzimodzi. Funsani ngati mabuleki ndi a ceramic, amakhalitsa inde koma tsiku losintha mtengo wake ndi wa galimoto ina yaing'ono. Kenako lipirani katswiri wa mtundu umenewo aikweze pamwamba n'kuilumikiza ku kompyuta. Wogulitsa akakana zimenezi, tsanzikani bwinobwino muzipita.

Obweretsa kumudzi, pitani kaye kwa kiliyaring'i ejenti kapena ku MRA akuwerengereni msonkho musanalipire galimoto, osati itafika kale pa Songwe kapena pa Mwanza. Msonkho wake umayendera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndiye injini ya malita 5 kapena 6 yomwenso ndi yakale mwaona kale kumene zikupita. Pa sitima ikani mu kontena, ndipo kuchoka pa doko, kaya ndi Dar es Salaam kaya Durban, ibwere itakwera thiraki, musapatse dalaivala woti ayiyendetse makilomita onsewo ayi, adzafika nayo bampa ili mu buti. Mu kontena momwemo ponyanimo mafyuluta, mapulagi, ma pad a mabuleki ndi tayala limodzi kapena awiri, mudzandithokoza. A inshuwalansi akuuzeni mtengo wa comprehensive galimoto isanafike, ndipo afotokoze kuti galasi lakutsogolo likasweka alitenga kuti.

Ikafika, gulani kachaja kaja kosiya kali kolumikiza ku batire galimoto ikaima, Bentley ili ndi mabatire awiri ndipo sakonda kunyalanyazidwa. Oyilo sinthani chaka chilichonse ngakhale simunayende kwambiri, wa mtundu womwe buku lanena osati wa m'zigubu za pamsewu. Hampu muzikwera mopingasa, tayala limodzi kaye, pang'onopang'ono, a minibasi akumbuyo aziimba hutala mpaka atope. Ndipo muziyenda nayo, sabata iliyonse ithamangeko mpaka itenthe bwinobwino, osati kungoizungulitsa ku Area 47 n'kubwerera. Loweruka lina dzukani 5 koloko mathiraki asanachuluke, thanki yodzadza, mudutse pa toll gate ya Kalinyeke, mukhotere ku Khwekhwelere kutsikira ku Golomoti, giya yotsika kuti mabuleki asapse ndi kulemera kwakeko, mawindo otsegula kuti muimve ikulira m'makhotamo, kadzutsa mukadyere ku Mangochi. Nambala ya munthu wa breakdown ikhale mu foni, ndipo ikhale ya amene ali ndi thiraki yonyamula galimoto yonse pamwamba, chifukwa zokoka ndi matayala anayi sazikoka ndi chingwe.