Mukamapita ku theme park ndi ana, yambani mwawayeza kutalika

Ambiri tikamakonza ulendo wa ku Disney World kapena Universal, mapaki a zisangalalo a ku Orlando ku America, timangoganiza za matikiti ndi hotela, koma chomwe chimaliritsa ana kwambiri kumeneko ndi nkhani ya kutalika. Ma roller coaster (tisitima tothamanga kwambiri tokwera posangalala) ambiri ali ndi mulingo wake, mwachitsanzo Space Mountain ya ku Magic Kingdom, paki ina ya Disney World, imafuna mwana wofika mainchesi 44, pafupifupi masentimita 112, ndipo ogwira ntchito sanyengerereka ayi, choyezera chili pakhomo pomwe, mutu ukapanda kugunda basi mwana abwerera, nthawi zina amayezanso kachiwiri pokwerera penipeni. Ndiye muyezeni kunyumba atavala nsapato zomwe akavale tsikulo, kenako onani pa app ya pakiyo zomwe angakwere, musamulonjeze zinthu zoti sakafikira.

Akaperewera sikuti inu akulu muzimanidwa nawo. Ku Disney kuli Rider Switch, mumauza wapakhomo, mmodzi amatsala ndi mwana enawo nkukakwera, akatsika wotsala uja amalowa osayambiranso mzere wautali uja. Ku Universal amati Child Swap ndipo ine ndimaona ngati yawo ndiyabwinoko, banja lonse limayenda limodzi pamzere kenako pali kachipinda kodikiriramo pafupi ndi pokwerera, mumangosinthana pompo.

Chinanso, pa VelociCoaster, roller coaster ya ku Universal, foni ndi makiyi zonse mumasiya mu loka chifukwa pali makina ofufuza zitsulo.