Chepetsani tsamba la scrapbook musanaliike pa intaneti

Tsamba la scrapbook (buku lomatamo zithunzi zachikumbutso) lopangidwa pa kompyuta, la mainchesi 12 mbali zonse, pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), limakhala ndi mapikiselo 3600 m'litali ndi m'lifupi. Posindikiza papepala n'zabwino, koma mawebusaiti ena oonetserapo zithunzi amakana fayilo yaikulu chonchi, komanso imadya bandulo.

Choyamba sungani PSD yanu (fayilo ya Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi) payokha ndi ma layer ake onse (magawo osanjikizana a chithunzicho), osaikhudzanso. Muzichepetsa kope lina. Mu Photoshop, phatikizani ma layer ndi Flatten Image, pa Image Size lembani mapikiselo 600 mbali zonse, n'kusunga ngati JPEG.

Chithunzi chikachepa, tizilembo tating'ono timaoneka mwachimbuuzi. Apa ndi pofunika Unsharp Mask, chida cha mu Photoshop chochotsera chimbuuzicho, koma pang'ono chabe, chonde. Mukapitirira muyezo, m'mphepete mwa nkhope ndi maluwa mumatuluka timizere toyera tomwe timaononga ntchito yonse.