Thina wa seluloze alibe malo mu penti ya 2K

Nyengo ya mvula ino galimoto zambiri zikutuluka m'magaraja zili mbuu, penti yosawala, ina ikunyata m'zala ngakhale padutsa masiku. Ndikafunsa opopera, yankho limakhala limodzi: "Tinathira thina amene analipo." Thina ndi mankhwala osungunulira penti, ndipo amene analipoyo ndi wa seluloze, wopangidwira penti ya mtundu wakale, kapena uja wotsukira gani yopopera penti.

Penti ya 2K, yomwe imasakanizidwa ndi mankhwala olimbitsa otchedwa hadena, siuma ndi mphepo yokha ayi. Imalimba chifukwa hadena amagwirana ndi pentiyo. Tsono mu thina wa seluloze mumakhala alikoho, ndipo wotsukira gani, poti nthawi zambiri ndi wobwezerezedwa, amabwera ndi chinyezi. Alikoho ndi madzi zimadya hadenayo asanagwire ntchito yake. Penti imauma pamwamba, pansi ili yofewa, moti chikhadabo chimalowa. Thina ameneyu amaulukanso msanga n'kuziziritsa chitsulo, ndiye kunja kukakhala chinyontho ngati panomu, madzi a mumpweya amatera pa penti yaiwisi n'kuiyeretsa. Mukamupopera pamwamba pa penti ya enamelo yakale, imatukusira n'kuchita makwinya.

Kupolisha sikuthandiza. Muyenera kupala zonse, kugulanso penti, hadena ndi sandipepala, ndipo mwini galimoto uja sadzabweranso. Zonsezi chifukwa choumira pa chitini chimodzi! Zoti "takhala tikutero kuyambira kale" zanditopetsa. Kale mumapopera penti ya seluloze, ndiye thinayo anali wake. Penti inasintha, inu simunasinthe.

Mlimi wina anandionetsa pikapu yake. Wopopera, thina atamuthera, anawonjezera petulo. Boneti inadzaza timaenje chifukwa cha mafuta a mu petulomo. Bamboyo atanyamula katundu patapita sabata, ulusi wa matumba unadinda kumbuyo konse, mzere uliwonse ukuoneka. Anangogwira pakamwa, poti anali atalipira kale zonse.

Chochita n'chachidule. Werengani pachitini, gulani thina amene wopanga pentiyo watchula. Mapenti ambiri a 2K amafuna magawo 2 a penti pa gawo 1 la hadena ndi thina pang'ono, koma tsatani zolembedwazo, ndipo yezani ndi kapu, osati ndi maso. Kukatentha gwiritsani ntchito thina wochedwa kuuma. Yambani mwapopera pa kachitsulo kotaya. Ndipo hadena ali ndi isocyanate, mankhwala oyambitsa mphumu, choncho kansalu kumphuno sikakutetezani, pezani masiki yopangidwira ntchitoyi.