Mmene Mungatetezere Zinsinsi Zanu pa Foni ndi pa Intaneti

Kuyambira 2018, simu khadi iliyonse m'Malawi muno imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso, ndipo boma linati cholinga chake n'kuthana ndi umbava wa pa foni. Choncho musalembetsere munthu wina simu khadi ndi chiphaso chanu, ngakhale atakhala m'bale wanu, chifukwa akabera anthu ndalama ndi nambalayo, apolisi adzayambira kwa inu.

Makampani a foni amasunga nambala zimene mwaimbira, nthawi yake, komanso nsanja imene foni yanu inalumikizana nayo. Pa nkhani zachinsinsi pewani SMS, m'malo mwake gwiritsani ntchito mapulogalamu a mauthenga monga WhatsApp kapena Signal, omwe amabisa uthenga kuti wotumiza ndi wolandira okha ndiwo auwerenge. Komabe m'magulu a WhatsApp mulibe chinsinsi chenicheni, poti membala aliyense angathe kujambula zimene mwalemba n'kukapereka kupolisi, ndipo lamulo la 2016 loona za kagwiritsidwe ntchito ka intaneti, lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security, lagwiritsidwapo kale ntchito pomanga anthu chifukwa cha mauthenga otere.

Tsekani foni yanu ndi nambala yachinsinsi. Wapolisi akafuna kuifufuza, m'funseni mwaulemu ngati ali ndi chilolezo cha khoti, popeza gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko limateteza chinsinsi cha mauthenga anu.