Momwe mungayambire kupita kuntchito pa njinga yakapalasa m'tauni ya Kasungu

Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso chizolowerekereni mizere ya pamalo omwetsera mafuta, anthu ambiri apantchito kuno ku Kasungu aona kuti ndalama yokwerera kabaza wa njinga yamoto m'mawa ndi madzulo ikudya gawo lalikulu la malipiro awo. Mwayi umene tili nawo ndi woti tauni yathu inakhala pamalo athyathyathya, ndipo kupatula phiri la Kasungu lomwe timangoliona potero, zitunda zoti n'kumutsitsa munthu panjinga n'zochepa. Komabe ambiri amene amayamba kupalasa amaleka sabata isanathe. Si kuti miyendo imawakanika, koma amasankha njira yolakwika ndi nthawi yolakwika, ndiye tsiku loyamba lomwelo galimoto ikawadutsa pafupi kwambiri, mtima umachoka.

Choncho musathamangire kugula njinga. Yambani mwabwereka ya mnzanu Loweruka masana kapena Lamulungu, mupalase kuchokera pakhomo panu mpaka pachipata cha kuntchito, mukuyang'ana nthawi. Munthu wosazolowera, wopalasa mosathamanga, amatha mtunda wa makilomita 5 pa mphindi 25 kapena kucheperapo. Ngati mumakhala cha ku Chankhanga kapena ku Gundani, mtundawo suyenera kukuopsani. Wokhala kutali ngati ku Mtunthama yekha ndiye aganize kawiri, chifukwa kupalasa mtunda umenewo tsiku ndi tsiku ndi ntchito ina payokha. Paulendo woyeserawu musangotsata msewu umene minibasi imadutsa, koma muyang'ane tinjira tam'makwalala tomwe tingakufikitseni popanda kukhalitsa pa msewu waukulu wa M1. Aphunzitsi abwino pa nkhaniyi ndi anyamata a kabaza wa njinga yakapalasa: iwo amadziwa njira iliyonse yachidule, pamene pali mchenga wambiri, ndi pamene madzi amadikha mvula ikagwa. Mukwereni mmodzi tsiku lina, mumuuze kuti akudutsitseni njira yopewa magalimoto, ndipo ndalama imeneyo simunataye.

Mukatsimikiza za njira, bwerani pa njinga. Kwa munthu wa m'tauni muno, njinga yachikale ija yopanda magiya, ya matayala a mainchesi 28, yokhala ndi keliyala ndi madigadi, ndi yokwanira, ndipo ubwino wake waukulu ndi woti wokonza njinga aliyense wa pansi pa mtengo amaidziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka pamsika. Njinga za Buffalo n'zolimba kwambiri ndipo zimanyamula katundu wolemera, ngakhale kuti nazonso n'zolemera komanso mtengo wake ndi wokwera. Za magiya, za matayala a mainchesi 26, zimathandiza pa mchenga, ndipo dothi la kuno, lomwe limakonda fodya lija, lili ndi mchenga wambiri. Vuto lake ndi loti zambiri zotsika mtengo zimakongola m'sitolo mokha, pakatha miyezi itatu magiya ayamba kudumpha. Ine ndingasankhe njinga yakale yolimba kusiyana ndi yatsopano yonyezimira koma yofewa.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi wokonza njinga amene mumamukhulupirira. Aone ngati felemu inawotcheredwapo, azungulitse mawilo kuti aone ngati limu silinapindike, agwedeze mapedulo ndi mahandulo kuti amve ngati sizikugwedera, ndipo awerenge masipoko. Funsani lisiti, kapena mulemberane kalata pamaso pa mboni, ndipo nambala yomwe inadindidwa pa felemu muilembe penapake kunyumba. Njinga zobedwa zimagulitsidwa motchipa, ndipo wopezeka nayo ndi amene amayamba kufunsidwa kupolisi.

Chinthu chimene ambiri sachilabadira ndi chishalo. Chikatsika kwambiri, mawondo amapweteka ndipo mumatopa msanga. Chikwezeni mpaka pamene mwendo wanu ukutsala pang'ono kuwongoka pedulo ikafika pansi penipeni. Mabuleki onse awiri agwire, belu lilire, matayala akhale opopa bwino.

Tsopano nkhani yaikulu ndi ya pamsewu. Ku Malawi timayenda kumanzere, ndipo lamulo limeneli limakhudzanso wapanjinga. Chizolowezi chopalasa kumanja moyang'anizana ndi magalimoto, poganiza kuti ukuwaona bwino, n'choopsa, chifukwa dalaivala wotuluka pamphambano amayang'ana mbali imene magalimoto akuchokera, sayembekezera njinga yochokera kwina. Msewu wa M1, womwe umalumikiza Lilongwe ndi Mzuzu, umadutsa pakati pa tauni, ndiye mumakumanamo mabasi akuluakulu, mathanki a mafuta, ngolo, ndi oyenda pansi nthawi imodzi. Nyengo ya msika wa fodya, kuyambira cha mu Epulo, mumawonjezereka malole odzaza mabelo opita ku Chinkhoma, ena atapakira mopendekeka. Lole yaitali ikamakudutsani imabwera ndi mphepo yokoka, ndipo ikamakhota, matayala akumbuyo amadula pafupi kuposa akutsogolo. Chifukwa cha ichi, musaime kapena kudutsa kumanzere kwa lole imene ili pafupi ndi pokhotera, ngakhale itaima. Ngati simukuona nkhope ya dalaivala pagalasi lake la pambali, dziwani kuti iyenso sakukuonani.

Malo ovuta kwambiri ndi cha kudepoti ndi kumsika, kumene minibasi imaima paliponse pamene kondakitala waona munthu, chitseko n'kutseguka mwadzidzidzi, njinga zamoto n'kumatulukira mbali zonse. Pamenepo chepetsani liwiro, zala zikhale pa mabuleki, ndipo musiye mpata wokwanira chitseko pakati pa inu ndi galimoto yoima. Mukafuna kukhotera kumanja pa M1, yang'anani kumbuyo, tambasulani dzanja, ndipo ngati magalimoto achuluka, tsikani muwoloke mukukankha njinga. Palibe chamanyazi pamenepo. Samalaninso ndi m'mphepete mwa phula momwe munakumbika: kutsikira m'fumbi mothawa galimoto n'kosavuta, koma pobwerera pa phula tayala lakutsogolo limakana mlomo wa msewu n'kukugwetsani. Imani kaye, kenako mukwere mwachindunji. Zomvera nyimbo m'makutu zisiyeni m'chikwama, popeza pa njinga makutu ndiwo amakuuzani zimene zikubwera kumbuyo.

Nthawi yonyamukira imachepetsa theka la mavuto onsewa. Ngati ntchito imayamba 7:30, muzikhala mutafika pofika 7:10. Mphindi zimenezo zimakupatsani msewu wosadzaza kwenikweni, komanso mpata woti thukuta liume. Malaya a kuntchito apindeni bwino muwaike m'chikwama chomangirira pa keliyala, osati kumsana, chifukwa chikwama chakumsana chimanyowetsa malaya. Palasani mutavala sikipa, mukasinthe mukafika, ndipo kansalu konyowa kopukutira nsapato kasasowe, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala pamene fumbi ndi dzuwa zimalimba. Mwendo wa buluku wa kumanja upindeni kapena muulowetse m'sokosi kuti tcheni isaudye. Amayi ovala siketi kapena chitenje apeze njinga ya felemu yotsika yokhala ndi chotchinga tcheni. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira moti zala zimauma, ndiye juzi ndi magolovesi otchipa a pakaunjika amathandiza.

Pali ena amene amaopa kuti anzawo aziti zinthu zawavuta akawaona pa njinga. Mawu otere amamveka sabata yoyamba yokha, ndipo amene amawayankhula ndi omwewo amene amadzakubwerekani ndalama ya thiransipoti mwezi ukafika pa 20.

Kuntchito, pemphani malo oonekera kwa mlonda, ndipo mangani felemu ku chitsulo kapena mtengo ndi tcheni cholimba ndi loko. Kaloko kongotseka wilo lakumbuyo sikaletsa wakuba kuinyamula njinga yonse. Pobwerera, kumbukirani kuti kuno mdima umagwa msanga dzuwa likangolowa cha m'ma 6 koloko, ndipo m'misewu yambiri mulibe magetsi. Nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, ndi chovala chonyezimira ngati cha akabaza n'zofunika kuposa china chilichonse chimene mungagulire njingayo. Chipewa choteteza mutu muchigule mukangopeza ndalama, ndipo muzimanga lamba wake.

Sabata yoyamba palasani masiku awiri kapena atatu okha, chifukwa matako ndi ntchafu zimayamba zadandaula zisanazolowere. M'chikwama muzikhala pampu, zigamba, guluu ndi sipanala, poti minga ndi timawaya n'zambiri m'njira zafumbi. Loweruka lililonse pukutani tcheni ndi kansanza, mudonthezere oyilo pang'ono, osati wambiri chifukwa amakoka mchenga, ndipo muone mphira za mabuleki. Mvula ikayamba cha mu Disembala, mabuleki ogwira pa limu lachitsulo amachedwa kugwira akanyowa, choncho yambani kuwafinya mukadali patali. Pachithaphwi chimene simukuona pansi pake, tsikani muzungulire, ndipo tsiku limene kwadzuka chimvula chamabingu, njinga itsale pakhonde, mukwere galimoto ndi ndalama imene mwasunga masiku enawo.