Fizi yapulaiveti ikakukulirani, funsani msanga

Makolo anzanga muno mu Mzuzu, musadikire kuti mwana abwezedwe pageti. Sukulu zina zapulaiveti zimachotserako fizi zikaona mmene banja likupezera, kungoti sizilengeza.

Kaonaneni ndi ahedi chaka chisanatsegulidwe mu Seputembala, kalata yopempha ili m'manja. Apantchito tengani pepala la malipiro. Ife ageni a mumsika wa Zigwagwa tilibe pepalalo, ndiye ine ndinanyamula kope langa la malonda, lamafutamafuta lomwelo, ndi mauthenga a Mpamba. Kalata ya amfumu kapena abusa yotsimikiza ana amene mukulera imathandizanso. Njinga ya kabaza ija musaibise, akafufuza aidziwa.

Funsaninso ngati thandizolo likukhudza yunifolomu ndi ndalama ya mayeso a MANEB, mwina zimenezo mulipira nokha.