Momwe mungakachezere ku Bua kapena Rusa kumapeto kwa dzinja osakokoloka ndi madzi

Malichi ndi Epulo ndi miyezi yomwe Kasungu amakongola. Tchire lili biriwiri, mondokwa wacha, ndipo tchuthi cha Pasaka chikayandikira magulu a achinyamata a kumpingo, ana asukulu ndi anyamata a mbedza amayamba kupangana zopita kumtsinje kapena kudamu la Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu. Pitani ndithu, palibe choletsa. Koma miyezi yomweyi ndi imene mitsinje yathu imapusitsa anthu kwambiri, chifukwa aliyense amayang'ana kumwamba, n'kuona kwayera, n'kunena kuti mvula yatha.

Madzi amene amakokolola munthu ku Bua nthawi zambiri ndi a mvula yomwe iye sanaione. Bua amachokera kumapiri a ku Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia, amalandira Rusa ndi timitsinje tina tambirimbiri, n'kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota mpaka kukathira m'nyanja ya Malawi. Dziko lomwe akudutsamo kuno kwathu ndi lathyathyathya, lodzaza ndi madambo. Mu Disembala madambowa amamwa mvula yambiri mtsinje osasintha kwenikweni. Pofika Malichi amakhala atakhuta, ndiye mvula iliyonse yogwa kumtunda imangotsetserekera mumtsinje. Itha kugwa usiku ku Mkanda, inu n'kukumana nayo masana ku Santhe dzuwa likuswa mtengo. Dwangwa nayenso ndi chimodzimodzi: amayambira m'nkhalango ya Kasungu, koma pamene anasefukira kumapeto kwa Febuluwale 2024, omwe anasowa pokhala masauzande anali a ku Nkhotakota.

Choyamba: funsani kumtunda, dzulo lake

Mverani uthenga wa nthambi yoona zanyengo pa wailesi, ndipo ngati a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi (DoDMA) achenjeza za madzi osefukira m'chigawo chapakati, ulendo usinthidwe tsiku. Koma uthenga wa pa wailesi umakamba za boma lonse, pomwe inu mukufuna za mtsinje umodzi. Imbani foni kwa munthu amene ali kumtunda kwa malo omwe mukupita, kaya ku Kapiri, Kamwendo kapena Mkanda. Aliyense ali ndi mlamu kapena mnzake wa kusukulu kumeneko. Musafunse kuti "kwagwa mvula?" chifukwa m'dzinja yankho lake ndi eya basi. Funsani kuti yagwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ngati anthu awoloka khwawa la kwawo m'mawa uno. Mvula yovumba usiku wonse ndi yoopsa kuposa yamkuntho ya mphindi makumi awiri.

Uzaninso wina kunyumba malo enieni omwe mukupita ndi nthawi yobwerera. Foni ikhale ndi moto, muikulunge m'jumbo. Tengani chingwe cholimba ndi chigubu chopanda kanthu cha malita 20 chokhala ndi chitsekerero chake. Anzanu adzakusekani kuti mukupita kukatunga madzi, asiyeni aseke.

Chachiwiri: sankhani pokhala mutaona pomwe madzi anafika

Mukafika, musathamangire kuyala mkeka. Pezani kaye munthu wa pamudzipo, makamaka amayi ochapa kapena bambo wa dimba, mupereke moni bwinobwino, n'kufunsa kuti, "Amayi, madziwa sabata ino anafika pati? Ng'ona zimaonekera mbali iti?" Adzakulozerani ndi chala, ndipo sanama.

Kenaka yang'anani mitengo ndi bango za m'mphepete. Muona zinyalala zitakodwa m'nthambi: mapesi a chimanga, udzu wouma wopindikira mbali imodzi, majumbo, nthawi zina patapata wa mwana. Pamene pali zinyalalazo ndi pomwe madzi anafika, mwina pamwamba pa mutu wanu. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Katundu, moto wophikira ndi ana aang'ono zikhale kumtunda kwa mzere umenewo, ngakhale patalikire ndi madzi.

Malo awiri muwakane ngakhale akope bwanji. Oyamba ndi mchenga wapakati pa mtsinje, uja umaoneka bwino pojambulitsa: madzi akakwera amayamba kutseka njira yanu yobwerera musanazindikire. Achiwiri ndi pansi kapena pamwamba pa gombe lomwe madzi alifukula kunsi. Dothi lonyowa limagumuka popanda chenjezo.

Tsopano zikani kamtengo pomwe madzi akulekezera, ndipo sankhani munthu mmodzi, mwa dzina, woti azikayang'ana pafupipafupi. Ntchito ya "tonse tiziona" palibe amene amaigwira. Kamtengo kaja kakamira, longedzani. Longedzaninso mukaona madzi asanduka ofiira kapena akuda ndi matope, akubwera ndi thovu, nthambi ndi zinyalala, kapena mukamva mkokomo kumtunda. Apa si pokambirana kuti nsima ipse kaye.

Chachitatu: kuwoloka, makamaka pobwerera

Apa ndi pomwe anthu ambiri amatayira moyo, ndipo kawirikawiri ndi madzulo. M'mawa munawoloka madzi ali m'kakolo. Pobwerera afika m'ntchafu, kunja kukuda, mwatopa, ena mwalawa, ndipo kwanu kuli tsidya lomwelo, nyumba zikuoneka. Mtima umati ndi pomwe paja tinadutsa. Si pomwepo ayi, pansi pasintha: madzi akumba maenje, asuntha miyala, abweretsa zitsa.

Madzi othamanga okuya masentimita 15 okha atha kugwetsa munthu wamkulu. Masentimita 30 amayandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo 60 amakokolola ngakhale galimoto zikuluzikulu zomwe eni ake amazitama. Lamulo losavuta ndi ili: ngati madzi akuthamanga ndipo afika m'mawondo, musalowe. Gonani tsidya lomwelo. Pitani kwa amfumu mukafotokoze, sadzakukanizani pogona, ndipo mitsinje ing'onoing'ono yambiri imaphwa pakangopita maola angapo mvula itasiya.

Ngati madzi ali pansi pa mawondo ndipo akuyenda pang'onopang'ono, wolokerani potambalala, osati popapatiza, chifukwa popapatiza ndi pomwe amakuya ndi kuthamanga. Gwirani ndodo yolimba, yang'anani kumtunda komwe madzi akuchokera, muziyenda cham'mbali mukufufuza pansi ndi ndodoyo. Musavule nsapato zomanga, koma patapata muvule. Chikwama chikhale paphewa limodzi kuti mukagwa muchitaye msanga. Amayi, mwana asakhale kumbuyo pa chitenje: mukaterereka chagada, iye ndiye ayamba kumira. Mupatseni bambo wamphamvu amunyamule paphewa, kapena dikirani.

Za akabaza ndinenepo pang'ono. Mnyamata wa njinga yamoto amafuna ndalama yake ndipo adzakuuzani kuti "apa timadutsa daily, bwana". Mwina n'zoona, koma mlatho ukamira simungaone ngati matabwa alipo onse kapena ngati madzi adya dothi la kumapeto kwake. Tsikani. Mulipireni ya pomwe mwafika. Woyendetsa galimoto naye asayese mlatho womira, ndipo ngati galimoto yazima m'madzi omwe akukwera, tsitsani galasi mutuluke nthawi yomweyo, katundu asiyeni.

Chachinayi: mphenzi

Mukaona kung'anima, werengani mpaka mumve bingu. Masekondi atatu aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Bingu likamveka, tulukani m'madzi, ikani pansi mbedza, chokani pansi pa mtengo womwe uli wokha pabwalo, ndipo ngati munakwera phiri la Kasungu yambani kutsika. Pobisala pabwino ndi m'nyumba yeniyeni kapena m'galimoto yotseka, osati m'chisakasa cha kudimba kapena m'chigafa cha fodya. Dikirani mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza.

Chachisanu: zomwe zili m'madzimo

Bua ali ndi ng'ona, ndipo madzi akasefukira zimafika m'maiwe ndi m'madimba momwe anthu sazizolowera. Musaime m'madzi poweza, musatsukire nsomba m'mphepete penipeni, ndipo chisisira chikamagwa khalani mutachoka. Ku Lifupa kuli mvuu. Kumeneko si kosambira, ndipo mvuu ikakhala kumtunda musaime pakati pa iyo ndi madzi. M'nkhalango ya Kasungu muyende ndi woyang'anira nyama, poti njovu zinachuluka chibwerereni zija 263 zochokera ku Liwonde mu 2022. Funsiranitu pachipata za misewu, ina imakhala yosadutsika mpaka nthaka iume.

Madzi odikha a m'madambo ndi kwawo kwa nkhono zofalitsa likodzo, choncho ana asasambiremo. Akumwa tengani kunyumba. Madzi osefukira amakhala atatsuka zimbudzi za midzi yonse ya kumtunda, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale.

Chachisanu ndi chimodzi: wina akagwera

Musadumphiremo. Maliro ambiri a kumtsinje amakhala awiri chifukwa wachiwiri anali wopulumutsa. Kuwani kuti anthu abwere, mmodzi aimbe foni kupolisi. Gonani chafufumimba pagombe, wina akugwireni miyendo, mumupatse nsungwi, nthambi yaitali kapena chitenje chopota. Ngati ali patali, mponyereni chigubu chija chitamangidwa kuchingwe. Chigubu cha malita 20 chotseka bwino chimamuyandamitsa munthu wamkulu. Chingwecho musadzimange nacho m'chiuno, chingakukokereni momwemo. Thamangirani kumunsi kwa mtsinje, pokhota, pomwe madzi amakankhira zinthu kumbali.

Ngati wagwerayo ndinu, gonani chagada, miyendo itsogole kumunsi kuti izigunda miyala m'malo mwa mutu, ndipo muzipalasa chopingasa kulowera kugombe. Musalimbane ndi madzi kuti mubwerere pomwe munagwera. Pewani mtengo wogwera mumtsinje, chifukwa madzi amadutsa pansi pake n'kukupanikizani kunthambi.

Mukamuvuula, muoneni ngati akupuma. Ngati akupuma, mugonekeni cham'mbali, mumuvule zonyowa, mumufunditse. Ngati sakupuma, mugonekeni chagada, mupendeketse mutu chakumbuyo, mumuuzire mpweya m'kamwa kasanu, kenaka dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 30, kuuzira kawiri, n'kumabwereza choncho mpaka apume kapena thandizo lifike. Zomuzondotsa kapena kumuponda pamimba kuti asanze madzi zimangotaya nthawi. Ngakhale atadzuka n'kumalankhula bwinobwino, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kumubanikitsa pakati pa usiku.